Matenda a MND: bwanji manja ndi lilime zimafa koma maso n'kumayendabe?

Wophunzira_Zaubongo:
Akuluakulu, ndithandizeni pa matenda a motor neuron disease (MND), omwe amapha maselo oyendetsa minofu, makamaka mtundu wa ALS (amyotrophic lateral sclerosis). Mapuloteni omwe amatchulidwa kwambiri, SOD1 ndi TDP-43, ali m'maselo a thupi lonse, m'chiwindi ndi pakhungu pomwe. Nanga bwanji amene akufa ndi maselo oyendetsa minofu okha? Ndipo pakati pa iwowo, zimatheka bwanji kuti wodwala amene akulephera kumeza malovu azitembenuza maso bwinobwino komanso osadzikodzera?

Phiri_Fiziyoloje:
Achimwene, yambani ndi kukula kwa selo ndi katundu amene lasenza. Selo loyendetsa minofu ya phazi mutu wake uli chakumunsi kwa mtsempha wa mumsana, ndipo sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Koma chingwe chake, axon, chimatsika pafupifupi mita yathunthu. Zambiri zofunika kunsonga zimapangidwa kumutu: puloteni ya kinesin imazinyamula kupita kunsi, ya dynein imabweza zakutha. Katundu wofulumira amayenda masentimita 20 mpaka 40 patsiku, pamene wolemera ngati neurofilament, ulusi wolimbitsa chingwe, amayenda milimita imodzi kapena kucheperapo, ndiye ulendo wa zaka. Mu 2018 anapeza kuti jini ya KIF5A, yomwe imapanga mtundu wina wa kinesin, ikawonongeka imadwalitsa ALS.

Ndiye werengani ulusi wa minofu womwe selo limodzi limayang'anira. M'diso ndi pafupifupi 10. M'katumba wa mwendo ndi 1,000 mpaka 2,000. Mfundo iliyonse pomwe chingwe chagwira mnofu ikufuna chakudya ndi kukonzedwa kuchokera ku mutu umodzi womwe uja.

Ngakhale mumsana momwemo maselo oyendetsa minofu safa nthawi imodzi. Oyamba kugwa ndi maselo akuluakulu othamanga koma otopa msanga, a FF, omwe timadumphira kapena kunyamulira thumba la chimanga. Amatsatira ndi a FR, othamanga koma osatopa msanga, ndipo a S, ang'onoang'ono otiimika tsiku lonse, amapirira mpaka kumapeto. Pa mbewa za mu labotale za SOD1 G93A, zoikidwa jini yowonongeka ya SOD1, zingwe za FF zimasiya minofu pafupi ndi tsiku la 50, mbewa ikuonekabe yabwinobwino, kufooka n'kudzaonekera cha m'ma tsiku 90. Chimabisa vutolo n'chakuti maselo otsala amaphuka nthambi n'kutenga ulusi wamasiye. Ndi zomwe mumaona pa EMG, kuyeza magetsi a m'minofu, ngati ma motor unit (selo ndi ulusi wake wonse) aakulu modabwitsa. Kutenga ana amasiyewo kumawonjezera katundu pa selo lomwe linali lolemedwa kale.

Wophunzira_Zaubongo:
Zikomo a Phiri. Koma selo lomva kukhudza pa chala cha kuphazi nalonso chingwe chake n'chachitali, mwina kuposa pamenepo, ndipo limapulumuka. Kutalika kokha sikungakhale yankho.

Nankhoma_Neuro:
Mwagwira pabwino. Kutalika kumangochepetsa mpata wopumira. Chomwe chimamaliza selo kwambiri ndi kashiamu.

Selo loyendetsa minofu limalandira uthenga kudzera mu glutamate, kemikolo yonyamula uthenga pakati pa maselo a mitsempha, pa zitseko zotchedwa AMPA. Chitseko chikakhala ndi kachigawo ka GluA2 kokonzedwa bwino, kashiamu salowa. Maselo amenewa ali ndi zitseko zambiri zosowa GluA2, ndiye kashiamu amalowa nthawi iliyonse akauzidwa kugwira ntchito. Mkatimo mapuloteni omanga kashiamu, parvalbumin ndi calbindin, ndi ochepa. Ntchito yomeza kashiamuyo imagwera mitochondria, zomwe zimayeneranso kupanga mphamvu ya selo lalikulu chotero. Zikakhuta kashiamu zimatupa, mphamvu imatsika, ndipo zimatulutsa tizinthu towononga mapuloteni. Mapuloteni opindika molakwika akachuluka, fakitale yowakonza, endoplasmic reticulum, imapanikizika, ndipo pa mbewa zija kupanikizikaku kumayambira m'maselo a FF. Kunja nakonso zinthu zimaipa: ma astrocyte, maselo othandizira a mitsempha, amayenera kukolopa glutamate wotsala pogwiritsa ntchito puloteni ya EAAT2, koma mwa odwala ALS EAAT2 amachepa, glutamate n'kumangokhala pakhomo.

Tsopano maso. Maselo a mitsempha ya kumutu ya nambala 3, 4 ndi 6, yoyendetsa maso, anabadwira ntchito yowombera uthenga kambirimbiri pa sekondi, choncho ali ndi parvalbumin wambiri. Zingwe zawo n'zazifupi, ulusi woyang'anira ndi wochepa, ali ndi IGF-2 (puloteni yoteteza maselo) wochuluka, pamene MMP-9, puloteni ina yomwe gulu la ku yunivesite ya Columbia ku America linasonyeza mu 2014 kuti imafulumizitsa imfa ya maselo a FF, mwa iwo mulibe kwenikweni. Za mkodzo ndi chimbudzi, minofu yotseka imayendetsedwa ndi kagulu ka maselo aang'ono m'chigawo cha sacral, kumunsi kwa mtsempha wa mumsana, Onuf's nucleus, dzina lochokera kwa Onufrowicz amene anakafotokoza mu 1899. Nawonso amatsala.

Mankhwala a riluzole, amene anavomerezedwa ku America mu 1995, amagwira ntchito pochepetsa mphamvu ya glutamate yomweyi: mamiligalamu 50 kawiri patsiku, m'mimba mulibe chakudya, ndipo muziyeza ALT, chizindikiro cha chiwindi m'magazi, mwezi ndi mwezi pa miyezi itatu yoyamba chifukwa amavuta chiwindi. Amawonjezera moyo ndi miyezi iwiri kapena itatu basi. Kwa ine chiwerengero chimenechi chikunena poyera kuti glutamate ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi.

Mbewe_MJ:
Mayi Nankhoma afotokoza bwino, koma tisamale ndi mbewa. SOD1, yomwe inapezeka mu 1993 kuti ikawonongeka imadwalitsa ALS, imakhudza odwala pafupifupi 2 pa 100. Pafupifupi 97 pa 100 vuto lawo ndi TDP-43, yomwe inadziwika mu 2006 kuti ikukhudzana ndi ALS, ndipo odwala a SOD1 nthawi zambiri alibe vuto limeneli. TDP-43 imayenera kukhala mu nucleus, chimake cha selo, kuyang'anira kadulidwe ka RNA, uthenga wochokera ku majini. Ikatuluka n'kuundana kunja, tizidutswa tosafunika timalowa mu uthenga wa majini ena. Awiri odziwika ndi STMN2, yomwe chingwe chimadalira kuti chiphuke ndi kudzikonza, ndi UNC13A, yothandiza kutulutsa uthenga kunsonga. Selo la chiwindi silidalira zimenezi. Apa ndiye pali yankho la funso lanu loyamba, achimwene: puloteni ili paliponse, koma zomwe imasiya zikusokonekera ndi zida zomwe selo la chingwe chachitali silingakhale popanda. Ndipo kachidutswa kolakwika ka STMN2 kamapezeka mwa anthu, mbewa wamba ilibe.

Mawu oti "okha" nawonso achotseni. Kumwamba, mu ubongo, maselo a Betz, olamula maselo oyendetsa minofu a mumsana, amafa, n'chifukwa chake miyendo imauma ndipo bondo limadumpha kwambiri mukaligogoda. Mwa amene ali ndi vuto la jini ya C9orf72, lomwe linapezeka mu 2011, maselo a kutsogolo kwa ubongo amakhudzidwa kawirikawiri, khalidwe la munthu n'kusintha. Kuti gulu limodzi la maselo lingagwe lokha tikudziwanso kuchokera ku konzo, nthenda youmitsa miyendo yomwe inabuka ku Nampula ku Mozambique mu 1981 chifukwa cha chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira: imagunda maselo a kumwamba mwadzidzidzi kenako n'kuima, siipitirira ngati ALS.

Kuchipatala, kutsala kwa masoku kumathandiza pawiri. Wodwala amatha kulemba ndi kompyuta yotsata maso, kapena ndi bolodi la zilembo ngati kompyuta palibe. Muphunzitseni mawu asanathe. Dziwani kuti maso amachedwa kugwa, si kuti sagwa: mwa ena omwe akhala zaka zambiri pa makina opumira, nawonso amaima. Chachiwiri ndi poyeza. Munthu akabwera ndi zikope zogwa kapena kuona zinthu ziwiriziwiri poyamba pomwe, ganizani za myasthenia gravis, nthenda ina yofooketsa minofu. Akabwera ndi dzanzi lofika m'chiuno kapena mkodzo wosagwirika, funani chomwe chapanikiza mtsempha wa mumsana, monga TB ya msana kapena chotupa, ndipo mujambuleni msanga chifukwa zimenezo zili ndi mankhwala.