Ndodo ndi mipira ya gofu yotchipa

Wofunsa: Akuluakulu, ndangoyamba kumene gofu koma m'thumba simuli bwino. Ndigule ziti?

Yankho 1: Malamulo amalola ndodo 14, koma musalimbane nazo zonse. Yambani ndi hybrid, 7-iron, 9-iron, sand wedge (yotulutsira mpira mumchenga) ndi putter (yolowetsera mpira m'dzenje). Driver, ndodo yomenyera mpira patali kwambiri, idikire kaye, imavuta kuwongola. Ma iron akhale a cavity back (a mphako kumbuyo kwa mutu wake), mpira umapitabe ngakhale simunaumenye pakati penipeni.

Yankho 2: Ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito zilibe vuto, bola muyang'anitsitse shaft (thunthu lalitali la ndodoyo). Yadzimbiri kapena yopindika isiyeni. Grip (pogwirira) yoterera si nkhani, amasintha.

Yankho 3: Mipira yodula ngati Pro V1 ayi achimwene, mungokaitaya m'tchire. Gulani mipira ya two-piece (ya zigawo ziwiri) ngati Srixon AD333, kapena yotola kwa ma caddie (onyamulira osewera ndodo). Yong'aluka muziikana, siuluka mowongoka.