Ndikufuna kupita ndi amayi ku Dar es Salaam koma ndalama ndi zochepa, ndithandizeni nzeru

Moni nonse a pagulu lino. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndine mayi wosoka zovala, ndimasokera ku Kapata kuno ku Chipata. Atate athu anatisiya chaka chatha. Ali mnyamata, mu 1974, anagwirako ntchito yoyala njanji ya TAZARA cha ku Mpika, nthawi imene anthu a ku China ankamanga njanjiyo pamodzi ndi anthu athu. Moyo wawo wonse nkhani inali yomweyo: kuti njanjiyo ndi makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, kuti imakathera kumadzi amchere, kuti tsiku lina adzatenga amayi akaone kumene inathera. Tsikulo silinafike. Titameta maliro, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti akufuna akaone madzi amenewo miyendo isanawakane. Ali ndi zaka 71. Madzi aakulu amene anawaonapo ndi a Luangwa, pa buliji paja popita ku Lusaka.

Ndili m'chilimba ndi anzanga a pamsika, ndipo ine ndidzalandira mu Julaye. Ndikaphatikiza ndi zimene ndasunga zikwana K9,000 ya ku Zambia. Mapasipoti tonse awiri tili nawo. Ndalama imeneyi ingatifikitse ndi kutibweza? Tidzere kuti? Tikagona kuti kosadula koma kwaulemu, poti ndili ndi munthu wamkulu?

China chimene chikundiopsa ndi kunenerera. Ine mtima wanga ndi wofewa, munthu akatchula mtengo ndimangotulutsa ndalama. Ulendo wina pa Mwami ndinasintha ndalama kwa mnyamata wina wa panja, anawerenga mothamanga pamaso panga, nditafika ku Mchinji ndinapeza zaperewera kwambiri. Kumeneko n'kwathu komwe, chilankhulo chimodzi. Nanga kumene sindidziwa mawu ngakhale amodzi kukakhala bwanji? Ndimafunanso kukagulako zitenje pang'ono zodzasoka kuti zibwezeko ya ulendo. Amene munayendako, chonde ndiuzeni zoona zokhazokha.

Bambo wa ku Katete, woyendetsa thiraki:
Pepani ndi maliro, achemwali. Ndalamayo ikwana mukaigwira bwino, koma muyambe mwaona mapu. Kuti mukakwere sitima poyambira, muyenda makilomita oposa 550 kupita ku Lusaka, kenako ena pafupifupi 200 kupita ku Kapiri. Ndiye kuti tsiku lathunthu ndi theka mukulipira basi, Dar es Salaam mukumusiya kumbuyo. Ife a kum'mawa njira yathu yachidule ndi ya ku Malawi: Mwami, Mchinji, Lilongwe, Mzuzu, Karonga, n'kuwoloka pa Songwe kulowa Tanzania, kenako Mbeya. Sitima yomweyo imaima pa Mbeya, mukaikwerera pamenepo. Ubwino winanso, mukamatsika phiri la Chiweta kuchoka ku Mzuzu nyanja ya Malawi imangoti mbee patsogolo panu, ndipo msewu umatsata gombe mpaka cha ku Karonga. Amayi aona madzi kawiri pa mtengo umodzi. Ife a ku Zambia sitifuna viza ku Malawi kapena ku Tanzania, koma kapepala ka boda kaja timagwiritsa popita ku Mchinji sikagwira ntchito kutali chonchi, pasipoti basi. Ku Mbeya kumazizira koopsa mwezi wa Julaye, amayi atenge juzi ndi bulangete.

Mnyamata wina wa ku Chipata:
Amayi, sitima ya chiyani? Kwerani basi mpaka ku Nakonde, muwoloke pa Tunduma, mukwere ina ya Dar. Mufika msanga ndipo simutaya masiku.

Mayi wa ku Lundazi:
Mwanawe, wawerenga bwino koma? Munthu wa zaka 71 umukhazike pa mpando wa basi usana ndi usiku, miyendo ili lende? Akafika mapazi atatupa ngati maungu. M'sitima munthu amagona chotambalala, amaimirira, amapita kuchimbudzi nthawi imene wafuna. Komanso ulendowu mwini wake ndi njanji, basi ilibe nawo gawo.

Achemwali, inu mverani izi. Mu kalasi yoyamba kachipinda kamakhala ka anthu 4, mu yachiwiri ka anthu 6, ndipo amuna amagona kwaokha, akazi kwaokha. Inu ndi amayi mukhala limodzi popanda vuto. Yachiwiri ikukwanirani, koma mupemphe kuti amayi awapatse bedi lapansi, chifukwa lapamwamba n'lokwera ngati nkhokwe. Tikiti mugule kukadali masiku, ndipo mufunse kusitesheni kwenikweniko tsiku limene sitima ikunyamuka, osadalira zomva pamsika. Safunsa anadya phula. Ulendo wonse umatenga masiku awiri kapena kupitirirapo, choncho muike masiku ena awiri apadera ndi ndalama yake ya malo ogona. Kamba mukonze kunyumba: nsinjiro zokazinga, mbatata yowotcha, nkhuku yokazinga mouma, tiyi mu fulasiki, madzi akumwa ambiri. Chakudya m'sitima chilimo, koma katatu pa tsiku anthu awiri ndalama imatha osaiona. Pa masitesheni azimayi amagulitsa nthochi ndi zina pawindo motchipa, mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono za dziko limene muli.

Bambo wa ku Mchinji:
Ine ndingoti, bwanji osangopita ku Senga Bay ku Salima? Kuchokera ku Chipata tsiku limodzi mwafika, madzi ake osaona tsidya, ndalama yotsala mukagulira makina ena osokera.

Wolemba funso:
Zikomo bambo, ndinaganizapo zimenezo ndipo ndinawauza amayi. Anandiyankha kuti atate sanawalonjeze nyanja wamba, anawalonjeza kumene njanji yawo inathera. Sindinapezenso mawu.

Mayi wochita malonda odutsa malire:
Ndiye tiyeni tikambe za kunenerera, poti ndi pamene mwanena kuti pakukuopsani. Ine ndayenda njira ya Dar zaka zambiri ndi mabelo pamutu.

Choyamba ndikufunseni, mwana wa amayi. Munthu akabwera ndi nsalu kuti mumusokere, mtengo woyamba umene mumatchula ndi womwewo umene mumalandira? Ayi. Mumasiya mpata chifukwa mukudziwa kuti anena kuti tsitsaniko. Wogulitsa wa ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, nayenso ndi chimodzimodzi. Mukapereka mtengo woyamba simunamuchitire chifundo, mwangomupatsa ndalama imene iye mwini sanaiyembekezere. Mukagwira mfundo imeneyi mumtima, manyazi aja amachoka okha.

Tsiku loyamba ku Kariakoo musagule kanthu. Ndalama zambiri musiye kwa amayi kapena muzimangirire m'kati mwa chovala, muyende manja ali pambuyo. Funsani chitenje cha mtundu umodzi m'mashopu asanu kapena asanu ndi limodzi, lembani m'kabuku. Madzulo mukhala mutadziwa mtengo weniweni. Mawa lake mubwerere m'mawa, kusanadzaze anthu. Mawu ofunika ndi ochepa: "bei gani" ndiye kuti ndi zingati, "ghali sana" ndiye kuti zadula kwambiri, "punguza kidogo" ndiye kuti tsitsaniko pang'ono. Pali mtengo wa "jumla", wa oodetsa, ndi wa "rejareja", wa chimodzichimodzi. Inu nenani kuti mukufuna wa jumla ndipo mutchule kuchuluka kwake poyamba pomwe. Manambala akakuvutani m'Chiswahili, lembani pa foni kapena pa kakyuleta, iye alembe wake, inu mulembe wanu. Ndipo muyambe ndi moni. Anthu a kumeneko amalemekeza moni ngati ife tomwe, wolowa mwaliwiro n'kuloza katundu samutsitsira. Achinyamata akawapatsa amayi anu moni woti "shikamoo", iwo ayankhe kuti "marahaba". Muwaphunzitse, akasangalala nazo.

Inu ndinu telala, ndiye muli ndi chida chimene ena alibe. Gwirani nsaluyo, itembenuzeni, onani ngati maluwa alowa mbali zonse, ifikiseni pakona muone ngati ndi sitachi yokha yaiumitsa. Wogulitsa akaona zala zanu amadziwa kuti uyu sanamizika, mtengo umatsika musanalankhule. Nkhope musaonetse kuti mwaikonda. Akakana mtengo wanu, thokozani, yambani kuchoka pang'onopang'ono. Akakuitanani, mpata unalipo. Akapanda kukuitanani, mwatsika mopitirira, shopu yotsatira mukwezeko pang'ono. Koma chimodzi ndikupempheni: musatchule mtengo umene simukufuna kulipira. Akavomera, gulani. Kuvomerezana kenako n'kuthawa ndi chipongwe kulikonse, ngakhale pa Saturday Market pompano.

Chenjerani ndi anyamata amene amakutsatani kuti akuonetseni shopu yotchipa. Amawatcha madalali. Cholowa chawo chimaikidwa pa mtengo wanu womwewo. Akaneni mwaulemu.

Sizonse zonenerera ayi. Daladala, amene ndi maminibasi awo, mabasi aatali aja amati mwendokasi, pantoni, tikiti ya sitima, mbale ya chakudya kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, zonsezi mtengo wake ndi umodzi kwa aliyense, mungodzichotsa ulemu. Zonenerera ndi bajaji, tinjinga tamoto ta mawilo atatu, ndi takisi, ndipo mugwirizane musanakwere, osati mutafika. Malo ogona nawonso: mukanena kuti mukhala masiku anayi, pemphani akutsitsireni, ndipo muone chipinda ndi bafa musanalipire. Ku Kariakoo komweko nyumba za alendo zotchipa n'zambiri chifukwa amalonda a ku Zambia, Malawi ndi Congo amagona kumeneko. Pemphani chipinda chapansi chokhala ndi fani ndi neti, masitepe a kumeneko ndi aatali ndipo udzudzu ulipo.

Zitenje zikachuluka zimakhala katundu wamalonda, pa boda mudzalipira msonkho. Sungani malisiti ndipo ndalama ya msonkhoyo muipatule musanayambe kugula.

Bambo wa ku Katete, woyendetsa thiraki:
Ndiwonjezere za kusintha ndalama, poti munalumidwapo kale. Pamene pali banki kapena malo ovomerezeka osinthira, lowani mmenemo ngakhale mtengo utsike pang'ono. Mukakakamizika kusintha ndi a panja, sinthani zochepa zongokufikitsani m'tauni. Dziwani mtengo wa tsikulo musanafike, werengerani nokha pa foni yanu, landirani zawo poyamba, werengani pepala limodzilimodzi, zikakwana ndiye mutulutse zanu. Akati bweretsani ndiwerengenso, bwezani zonse muchokepo, pamenepo ndi pamene pamasowera ndalama. Kwacha ya Malawi musasinthe yambiri, ndipo yotsala muimalize musanawoloke pa Songwe. Wotchi muisunthe ola limodzi kutsogolo mukalowa Tanzania, ambiri amasiyidwa ndi basi chifukwa cha ola limeneli.

Mtsikana wa ku Petauke amene anaphunzira ku Dar:
Amama, nkhani yanu yandiliza. Sitesheni ya TAZARA ku Dar ili pamphambano ya Nyerere Road ndi Mandela Road, nyanja simuiona pamenepo, musakhumudwe mukatsika. Mukapumula, m'mawa mwake pitani ku Kivukoni. Pali msika wa nsomba pamene asodzi amakocheza, ndipo pomwepo pali pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Ndi mphindi zochepa, mtengo wake ndi wa basi ya m'tauni, koma agogo akhala atayenda pamwamba pa madzi amchere. Tsidya lakelo kuli magombe a mchenga, mukwera bajaji pang'ono. Zanzibar muisiye ulendo uno, boti lake alendo amalipira mtengo wokwera ndipo K9,000 yanu ingachepe kwambiri pamenepo. Chakudya musadandaule, ugali ndi nsima yomweyi, ndipo mpunga wa nyemba umapezeka paliponse motchipa. Mankhwala a agogo ngati amamwa a BP mutenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, muwaike m'kachikwama ka m'manja. Julaye ndi Ogasiti ndi nthawi yabwino, kutentha kumachepako ndipo mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi imakhala itapita.

Mayi wa ku Lundazi:
Ine ndikuona kuti mutenge nzeru zonse ziwiri. Popita dzerani ku Malawi monga anenera bambo a thiraki, pobwerera mukwere sitima kuchokera ku Dar mpaka ku Kapiri, mudzadutse pa Nakonde, Kasama, Mpika ndi Serenje. Katundu wa zitenje m'sitima amayendanso bwino kuposa kumutsitsa ndi kumukweza m'maminibasi asanu.

Wolemba funso:
Abale anga, Mulungu akudalitseni nonse. Usiku wathawu ndinawawerengera amayi mayankho onse, limodzilimodzi, mpaka batire inatha. Mawu a Chiswahili aja ndawalemba pakhoma pafupi ndi makina, ndipo lero ndinayesera pogula ulusi ndi zipi: ndinati tsitsaniko, ndinayamba kuchoka, anandiitana. Manja ankanjenjemera koma zinatheka.

Pa za njira, amayi atembenuza. Akuti popita tikwere sitima kuyambira ku Kapiri, ngakhale kuzungulire, chifukwa akufuna ayambe adutsa pa Mpika kenako akafike kumadzi, monga mmene atate ankafotokozera. Pobwerera ndiye tidzatsike pa Mbeya n'kudzera ku Karonga ndi Lilongwe. Ndawerengera, zikutheka ndikachepetsa zitenje, ndipo ku Lusaka tigona kwa mwana wa azakhali. Anenanso kuti tinyamuke kumayambiriro kwa Ogasiti kuti tidzabwere mwambo wa Kulamba usanafike, sanaphonyepo ku Mkaika. Chipewa cha atate chija ankavala kumunda achichapa kale, akuti apita nacho.

Funso latsala limodzi, kwa amene munakwerapo sitima kuchokera ku Kapiri chaka chino. Pa Mpika imafika kukadali kowala kapena usiku? Ndipo imaima nthawi yokwanira kuti munthu wamkulu atsike, aponde pansi, n'kukweranso bwinobwino? Ngati imafika usiku ndigule tochi yabwino, ndipo ndidziwiretu mbali imene tikhale kuti amayi aone sitesheni pawindo.