Pork pie ija ndaipeza kuno ku New York

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa komwe ndingagule pork pie (chitumbuwa cha nyama ya nkhumba) ngati ija tinkadya ku Leicester ku England, poti chisamukireni kuno ndinali ndisanaionepo. Ambiri munandilozera chicken pot pie ya m'malesitilanti. Ndinailawa, ndi yokoma ndithu, koma ndi chakudya china: imabwera yotentha, msuzi uli tho, kudya kwake ndi supuni.

Inu amene munanditchulira Myers of Keswick, pa Hudson Street ku Greenwich Village, zikomo kwambiri. Ndinapitako Loweruka. Sitoloyi inatsegulidwa mu 1985 ndipo ma pie amaphika okha pomwepo. Nditangoidula, mtima unakhala pansi: chikhokho cholimba chija, cha ufa wokandidwa ndi madzi otentha ndi mafuta a nkhumba, nyama yothinana mkati, jeli m'mphepete. Ndinaidya yozizira monga mwa mwambo wake, nditapakako mastadi ya Colman's.

Pork pie yeniyeni ya Melton Mowbray, tauni ya kufupi ndi Leicester, imapangidwa m'dera lozungulira tauniyo basi, dzinalo ndi lotetezedwa ndi lamulo kuyambira 2009. Imeneyo ndidzadya ndikadzapita kukaona achemwali. Sabata yamawa ndikatenga Cornish pasty (chitumbuwa cha nyama ya ng'ombe ndi mbatata), ana akulilira.