Bambo anga akumva zonse koma mawu sakutuluka chidwalireni sitiroko, mu ubongo mwachitika chiyani?

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za ubongo, kaya ndinu achipatala kaya munasamalirapo wodwala ngati wathuyu.

Bambo anga anadwala sitiroko mwezi wathawu. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, kukamwa kunapotoka pang'ono. Mwendo wayamba kubwerera, akumayenda atagwira khoma, koma dzanja likadali lende. Chimene chikundisowetsa tulo ndi kulankhula. Mukawauza kuti akweze dzanja lamanzere amakweza, mukawafunsa ngati akufuna kugona amagwedeza mutu molondola. Koma akafuna kunena zawo, milomo imangonjenjemera, kenako limatuluka liwu limodzi, "eya", ngakhale pamene akukana. Akatero amamenya bondo ndi dzanja labwinolo, misozi ili chuchuchu.

Dzulo mchemwali wanga amayimba nyimbo imene bambo ankaikonda, iwo n'kuyimba naye ndime yonse, mawu omveka bwinobwino. Nyimbo itatha, dzina langa lomwe linawakanika. Tsopano abale ena akuti amachita dala, ena akuti mutu sukugwiranso, mpaka amakamba za iwo ali pomwepo ngati palibe munthu. Zimandiwawa, chifukwa ndikawayang'ana m'maso ndimaona kuti akumva.

Adokotala anati vuto lili kumanzere kwa ubongo. Nanga bwanji mbali yofooka ndi yakumanja? Munthu angayimbe bwanji koma osalankhula? Kodi mawu adzabwerera, ndipo ife pakhomo tingachitepo chiyani?

Mayi wina wogwira ntchito ya fiziyo:

Pepani achimwene. Choyamba, kauzeni abalewo kuti bambo sakuchita dala, komanso nzeru zawo sizinachoke. Vutoli achipatala timalitchula kuti aphasia, kutanthauza kusokonekera kwa chilankhulo chifukwa cha kuwonongeka kwa malo ena mu ubongo.

Minyewa yochokera mu ubongo kupita ku manja ndi miyendo imapingasana kumunsi, pamene ubongo ukulumikizana ndi msana. Choncho mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imayendetsa thupi lakumanja. Kumanzere komweko, chakutsogolo, kuli malo amene amasanja mawu kuti atuluke. Mwa anthu ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ogwiritsa ntchito dzanja lamanja, ntchito ya chilankhulo ili mbali imeneyi. Malowa ali moyandikana ndi amene amayendetsa nkhope ndi dzanja, ndipo onsewa amadyetsedwa ndi mtsempha umodzi wa magazi. Ukatsekeka umenewo, mawu, kukamwa ndi dzanja zimagwera limodzi. Malo oyendetsa mwendo ali chapamwamba ndipo mbali yaikulu amalandira magazi kuchokera ku mtsempha wina, n'chifukwa chake mwendo wafulumira kubwerera.

Dokotala wa ku France, Paul Broca, anafotokoza zimenezi mu 1861 ku Paris, ataona wodwala amene ankamva zonenedwa koma ankangotha kunena "tan". Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anapeza malo ena chakumbuyo, pafupi ndi khutu. Amenewo akawonongeka munthu amalankhula mothamanga koma zosagwirizana, ndipo samvetsa zimene mukumuuza. Mmene mwafotokozeramu, bambo anu akufanana ndi wodwala wa Broca uja. Amadziwa chimene akufuna kunena, ndipo amamva kuti chatuluka si chimenecho. Ndi kumene kukuchokera kumenya bondoko.

Bambo wina:

Ine ndinamva kuti ubongo ukafa wafa basi, sumeranso. Ndiye fiziyo amathandiza chiyani?

Mnyamata wophunzira za udokotala:

Bambo, mbali ina mwanena zoona, koma nkhani sithera pomwepo. Mu ubongo muli maselo a minyewa, manyuroni, pafupifupi 86 biliyoni. Uthenga umayenda m'kati mwa selo ngati mphamvu ya magetsi, imene imabwera chifukwa cha michere ya m'thupi yotchedwa sodium ndi potassium yolowa ndi kutuluka pakhungu la selolo. M'minyewa ina liwiro lake limaposa mamita 100 pa sekondi. Koma selo ndi selo sizikhudzana kwenikweni, pakati pamakhala kampata kotchedwa synapse. Magetsi akafika kunsonga, selo imatulutsa makemikolo amene amawoloka kampatako n'kukagwira selo yotsatira. Ena, monga glutamate, amaidzutsa kuti itumize uthenga. Ena, monga GABA, amaiziziritsa. Selo imodzi imamvera maselo ena masauzande, ndipo imayaka pokhapokha odzutsa akaposa oziziritsa.

Ntchito imeneyi imadya mphamvu kwambiri. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mpweya wa okosijeni, ndipo susunga wa mawa. Magazi akasiya kufika, maselo amayamba kufa m'mphindi zochepa. Ofawo sabwerera. Koma ma synapse a maselo otsala amasintha moyo wonse: ogwiritsidwa ntchito pafupipafupi amalimba, atsopano amapangika. Zili ngati mlatho ukagumuka, anthu amayamba kudutsa pena, ndipo kanjirako kamaoneka chifukwa chopondedwapondedwa. Fiziyo ndi kuyeseza kulankhula ndiko kupondako.

Wofunsa:

Zikomo nonse, mtima wanga wakhalako pansi. Nanga za kuyimbazi mayi?

Mayi wa fiziyo:

Nyimbo imadalira kwambiri mbali yakumanja, imene mwa bambo anu ili bwino. Komanso nyimbo yoloweza inasungidwa yathunthu, safunika kusankha liwu lililonse n'kulisanja ndi linzake monga zimakhalira polankhula. N'chimodzimodzi kuwerenga 1 mpaka 10 kapena kutchula masiku a sabata, odwala ambiri amatha. Akatswiri othandiza kulankhula amagwiritsa ntchito zomwezi: amatenga mawu afupiafupi monga "ndikufuna madzi" n'kuwaika m'kamayimbidwe, akugogoda dzanja lamanzere la wodwala motsatira mawuwo, kenako n'kumachepetsa kuyimbako pang'onopang'ono. Funsani kuchipatala ngati katswiri wotere alipo, musachedwe. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ngakhale ena amapitirizabe kupeza bwino kwa zaka. Palibe angakulonjezeni kuti adzalankhula ngati kale, koma kumva kwawoko ndi kuyimbako ndi zizindikiro zolimbikitsa.

Pakhomo, lankhulani nawo ngati munthu wamkulu, musakuwe, makutu awo ali bwino. Munthu mmodzi pa nthawi, wailesi itazimitsidwa. Funsani mafunso oti athe kuloza kapena kugwedeza mutu, ndipo khulupirirani mutuwo kuposa "eya" wawoyo. Akamasaka liwu dikirani, musawamalizire msanga. Akatopa siyani, kangapo patsiku mwachidule kumaposa ulendo umodzi wautali.

Mayi wina amene anasamalira mayi ake:

Achimwene, muyang'anenso kamezedwe. Amayi anga ankatsokomola pomwa madzi, ife n'kumaona ngati zazing'ono, osadziwa kuti madzi akulowa m'mapapo mpaka anadwala chibayo. Azikhala tsonga akamadya, ndipo akamatsamwa kauzeni adokotala. Mankhwala a BP asadumphitse. Mukadzaona nkhope yapotokanso, mbali ina yafooka kapena ayamba kusokonezeka mwadzidzidzi, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.