Mmisiri waluso koma savomera kulakwa, nditani naye?

Folomani: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pa gulu langa pali mmisiri wa dzanja labwino zedi, khoma lake limachita kusalala. Vuto lake ndi loti iye salakwa. Sabata yatha kalipentala atabwera kudzakhoma denga anapeza kuti ngodya imodzi si sikweya, chipinda chinathawa ndi masentimita 6 mbali imodzi. Kumufunsa mkuluyu, akuti amene anamanga chingwe ndi anyamata. Chandiwawa kwambiri n'chakuti dzulo mnyamata wina wandiululira kuti anaziona tili pa mzere wachitatu wa njerwa, koma anangoti duu poopa kukalipiridwa. Khomalo tagumula. Kumuchotsa ndikuchita mantha, ntchito idakalipo yambiri.

Mmisiri wakale: Achimwene, masentimita 6 amenewo asakusowetseni tulo. Chondiopsa ine ndi mnyamata amene anaona n'kutseka pakamwa. Lero ndi ngodya, mawa mkulu wanuyo adzachotsa matabwa a lintala, konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo ija, isanagwire, anthu asanu akungoyang'ana. Paja konkire imafika pa mphamvu yake pa masiku 28, ndipo sabata yoyamba imafuna kuthiriridwa madzi. Munthu wosafuna kuuzidwa atalumpha zimenezo, angamuletse ndani?

Kalipentala: Apite basi. Ife obwera pambuyo ndi amene timapala moto, mitengo ya denga kukana kukhala, mwininyumba n'kumatukwana ife.

Mayi woyang'anira ntchito: Kumuchotsa musathamangire, bambo. Ndinali ndi wotere, ndipo ndinalakwitsa pomudzudzula anyamata ali pompo. Tsiku lonse anamanga atatupa, osayankhula ndi aliyense, ngakhale matope akamuthera ankangogogoda fosholo m'malo moitanitsa. Anthu oterewa chimawasautsa ndi manyazi, amaona ngati akavomera kamodzi ulemu wonse watha. Muitanireni pambali, mumuuze zimene khomalo ladya: matumba a simenti, masiku, malipiro a anzake. Za mtima wake musazikhudze.

Kenako chotsani mkangano pakamwa pa anthu, muusiye pa tepi yoyezera. Ngodya iliyonse iziyezedwa mzere woyamba usanathe: masentimita 60 mbali iyi, 80 mbali inayo, kudutsa pakati pazikwana 100. Wowerenga nambalayo mokweza akhale mnyamata, ndipo lamuloli likhudze amisiri onse, asaone ngati mwamutchera iye yekha.

Mmisiri wakale: Mayi anena zoona. Koma inunso a folomani, mnyamata uja bwanji sanabwere kwa inu tsiku lomwelo? Kapena nanunso mumakalipa?

Folomani: Apo mwandigwira, madala. Ndikapanikizika ndimakweza mawu ndithu. Mkulu uja ndalankhula naye m'mawa uno kuseri kwa mulu wa mchenga. Pepani sananene, koma tepi wapereka yekha kwa mnyamata. Ngodya yoyamba yakwana 100, yachiwiri 102, wagumula njerwa zinayi osayankhula kanthu. Lintala tithira Lachinayi, ndidzakuuzani.

Kalipentala: Ine pobwera ndidzayezabe ndekha.