Kagalimoto ka batire ka mwana kakudya mafyuzi, controller yapsanso

Wamawaya

Akuluakulu ndithandizeni, mutu wayima. Sabata yachitatu ino ndikulimbana ndi kagalimoto ka mwana wanga wa zaka 4. Felemu ndinawotcherera ndekha ndi square tube, mota ndi ya scooter ija ya 24V 250W, mabatire awiri a 12V 7Ah pa series, controller (kabolodi kowongolera liwiro la mota) ndi ka PWM, koyatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu kuti mphamvu ichepe, kolembedwa 10A, livesi ndi switchi ya DPDT (yotembenuza positive ndi negative) pakati pa controller ndi mota. Sproketi ya mano 11 ku mota, 55 pa ekiselo, matayala a 25cm. Ndikakakweza m'mwamba matayala akuzungulira bwinobwino. Kungokaika pansi mwana n'kukwera n'kuponda pedulo, kakudumpha kamodzi, fyuzi ya 15A yapita. Zatha 4. Dzulo ndinapsa mtima n'kuika ya 30A, kanayenda mwina mamita 10, kenako utsi, MOSFET (transistor ya mu controller) yang'aluka pakati. Mawaya ndayeza, shoti palibe. Mota sikununkha. Ndiye chikudya mafyuziwa n'chiyani? Zoti ndikagule kopangidwa kale musandiuze chonde, mwana analengeza kale kwa anzake onse kuti adadi akupanga galimoto.

Madala Sipanala

Chotsani mota imeneyo mwana wanga. Ikani mota ya wiper. Ine ndapanga timagalimoto titatu ta adzukulu, tonse wiper, palibe kamene kanadyapo fyuzi.

Giyabokisi

Achimwene, mota yanuyo pa chikwangwani chake palembedwa rpm (kuzungulira kwake pa mphindi) ingati? Zambiri za mtundu umenewo zimakhala cha m'ma 2650. Ngati ndi choncho tengani cholembera. 11 kwa 55 ndi 5:1, ndiye tayala likuzungulira ka 530 pa mphindi. Tayala la 25cm likazungulira kamodzi layenda pafupifupi 78cm. Chulukitsani, mupeza mamita opitirira 400 pa mphindi, kumene kuli cha m'ma 25km pa ola. Mwana wa zaka 4! Fyuzi ija muithokoze, ndi imene yakhala ikumupulumutsa.

Chikuchitika n'chakuti mukunyamukira giya yomaliza. Mota ikaima chilili ilibe back EMF (voltage imene mota imapanga yokha ikamazungulira, yotsutsana ndi ya batire), choletsa current ndi resistance ya ma winding basi, ndiye imakoka kangapo kuposa zimene zalembedwa mpaka itayamba kuzungulira. Magiya akakhala opepuka nthawi imeneyo ndi kaphindi chabe. Anuwa akuisunga mota pamenepo nthawi yaitali. M'mwamba palibe katundu, n'chifukwa chake zikuoneka ngati zili bwino.

Kuti kayende 5km pa ola mukufunika 25:1. Ikani shafti ina pakati, 11 kwa 55 kawiri, nkhani yatha.

Wamawaya

Ndakaona, palembedwa 2650 ndithu. Koma ine ndimati liwiro ndidzachepetsa ndi PWM, ka knob ndinakasiya pa kota.

Giyabokisi

Knob sisintha magiya. Mota yoyenda pang'onopang'ono itasenza katundu wolemera imangotentha, ndipo mphamvu yokankhira imachokerabe ku ma amp omwewo. Komanso tsiku lina mwanayo adzaipeza knob imeneyo, ana zala zawo sizikhala.

Madala Sipanala

Shafti yapakati, mabering ena awiri, tcheni china, kuwotchereranso felemu. Ntchito yonseyo ya chiyani? Mota ya wiper imabwera ndi giya yake m'kati, imatulutsa cha m'ma 60 pa mphindi. Pa tayala lakelo ndi liwiro la munthu woyenda mosathamanga. Mwana akachotsa phazi kamaima kokha chifukwa worm, giya yonga sikuluwu ya m'katimo, simalola tayala kuizunguza. Buleki yaulere.

Mayi Magetsi

Ine za magiya ndasiyira eni ake, koma bambo a mwana mwandiopsa pa fyuzi ya 30A. Fyuzi ntchito yake n'kuteteza waya. Waya wanu ndi wa saizi yanji? Ngati ndi timawaya ta 1.5mm tija, ndiye mwasandutsa wayayo kukhala fyuzi, ndipo akudutsa pansi pa mpando wa mwana. Ikani wa 4mm kuchokera ku batire kukafika ku mota, fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi positive ya batire, osati kumapeto kwa waya wa theka la mita amene akukhula pa chitsulo.

Ndinaonapo zimenezi pa njinga ya olumala imene anandibweretsera. Wina anali atatopa ndi mafyuzi n'kupotokola waya wa kopa m'malo mwake. Chovala cha waya chinasungunuka kuchokera ku batire mpaka pansi pa siponji, mwiniwake atakhala pompo ndipo sakanatha kudzuka yekha. Mwamwayi panali munthu pafupi amene anazula terminal ndi manja, n'kupsa zala. Kuyambira pamenepo ndikaona fyuzi yokwezedwa thupi limachita tsembwe.

Chinanso, simunatchule chotchingira tcheni. Simunatchule chozimitsira chimene munthu wamkulu angachifikire kumbuyo akuthamangira. Simunatchulenso buleki.

Wamawaya

Waya ndi wa 2.5 mayi. Chotchingira ndidzapanga kakayamba kuyenda, panopa ndikufuna ndizitha kuona tcheni. Buleki sindinaiganizire, ndimati akachotsa phazi kaima.

Mayi Magetsi

Ndiye mwana asakwerenso mpaka chotchingira chiikidwe. Poyesa kwezani thumba la mchenga lolemera ngati iyeyo. Chala cha mwana wa zaka 4 chimalowa bwinobwino pakati pa tcheni ndi sproketi, ndipo mota ya 250W sidziwa n'komwe kuti yaluma kanthu. Zingwe za nsapato ndi malaya olendewera chimodzimodzi. Ndipo ndi magiya anuwo pamtsetse sikaima, kazingopita.

Wowotcherera

Funso limodzi amwene. Matayala akumbuyo onse awiri mwamangirira ku ekiselo imodzi? Chifukwa ngati munatero palinso pamene ma amp akuthawira. Pokhota tayala lakunja limayenera kuyenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Popanda differential (magiya olola matayala awiri kuzungulira pa liwiro losiyana) limodzi limangokwekwereza pansi, ndipo kagalimoto kamafuna kupita kutsogolo ngakhale chiwongolero chitapindidwa. Ine ndinaphunzira movutika pa kangolo kamene ndinapangira mwana wa mlongo wanga. Pa simenti kamakana kukhota, matayala akutsogolo amangotsetsereka mpaka kukagunda khoma. Ndinadula weld ya tayala limodzi n'kuliika pa mabering, lina lokha n'kumakoka. Kanayamba kukhota, koma pa udzu wonyowa tayala lokokalo limangozungulira pamalo amodzi. Palibe chaulere.

Wamawaya

Onse ndinawotcherera ku ekiselo, eya. Koma fyuzi ikuphulika ngakhale chiwongolero chili chowongoka.

Madala Sipanala

Mamota awiri a wiper, imodzi tayala lililonse. Vuto la differential latha pomwepo. Ndanena kale.

Wa ma UPS

Madala, muwauzenso zonse anthu. Mamota ambiri a wiper brush imodzi (kakhala kolowetsa magetsi m'mota) inalumikizidwa ku thupi la mota. Mukamangirira pa felemu yachitsulo n'kutembenuza polarity kuti mupange livesi, felemu yonse yasanduka positive. Mukaika awiri, ya kumanzere iyenera kuzungulira mosemphana ndi inzake, ndiye thupi la ina lili positive la ina negative, onse pa chitsulo chimodzi. Shoti yeniyeni. Pokhapokha mutsegule n'kudula earth ija m'kati, n'kutulutsa waya wakewake. Ndiponso kashafti ka wiper sikanapangidwe kuti kasenze munthu, tayala likhale pa mabering ake.

Koma ine ndabwerera mabatire. Achimwene Wamawaya, a 7Ah anuwo ndi atsopano kapena ochotsa mu UPS (bokosi lopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima)? Batire lotopa limaonetsa 12.6V likangokhala, kulipatsa katundu limagwa nthawi yomweyo. Ikani mita pa batire lililonse palokha wina akuponda pedulo, muone. Ndipo 7Ah ija amayeza pokoka pang'onopang'ono kwa maola 20, ndiye kuti 0.35A. Mukamakoka ma amp 10 kapena 15 musayembekezere 7Ah.

Madala Sipanala

Kudula earth ndi ntchito ya mphindi 10. Iwowa atha masabata atatu.

Kamnyamata ka ma laptop

Bwanji osapanga pack ya ma cell a lithium a 18650 bwana? 7S, ndiye kuti ma cell 7 pa series, imakupatsani 24V bwinobwino, yopepuka, sigwa voltage ngati mabatire anu a lead. Ine ma cell ochokera m'mabatire akale a laptop ndili nawo ambiri.

Wa ma UPS

Iwe mphwanga, pansi pa mpando wa mwana ayi. Ma cell a laptop sanapangidwire current yochuluka, ndiye akale osakanizasakaniza, ena ofooka ena amphamvu, popanda BMS (kabolodi koteteza ma cell) yabwino ndi moto umenewo. Mnzanga wina anasiya pack yotere pa chaja usiku mu shedi, anali ataiwotcherera ndi soldering iron. Kunacha benchi ili makala, denga litaboola. Lead ndi yolemera inde, koma kulemerako kukakhala pansi kumathandiza kuti kagalimoto kasagubuduzike. Ingomangani mabatirewo ndi lamba, ma terminal muwavindikire. Sipanala ikagwera pa ma terminal ngakhale batire la 7Ah limaifiiritsa.

Giyabokisi

Tibwerere ku controller imene yapsa. Timabolodi ta PWM tolembedwa 10A tija tambiri tilibe current limit, mota ikapempha 40 timangopereka mpaka kufa. Pezani controller yeniyeni ya scooter ya 24V ya brushed, imakhala ndi malire a current, imadula batire likatsika kwambiri, ilinso ndi waya wa buleki amene mungaikepo chozimitsira chimene anena mayi aja. Pedulo ikhale ya hall sensor kuti mphamvu izikwera pang'onopang'ono, osati switchi yongoti dii.

Ndikukayikiranso DPDT yanuyo. Mwana akaitembenuza mota ikuzungulira, voltage ya mota imaphatikizana ndi ya batire, current imaposa ya poima. Mwina ndi chimene chinapha MOSFET dzulo. Anaigwira?

Wamawaya

Sindinaone, ndinali kumbuyo ndikuyang'ana tcheni. Koma switchiyo ili pafupi ndi dzanja lake ndipo amakonda kuiseweretsa. Clamp meter yanga yoyezera ma amp ndi ya AC yokha, ndibwereka ya DC ndiyeze ponyamuka ndi thumba la mchenga. Za shafti yapakati ndiona ngati malo alipo, felemu ndinaipanga yothina.

Madala Sipanala

Mota ya wiper imakwana paliponse.

Wowotcherera

Madala, mwana wolemera pa wiper mwayesapo pokwera chitunda? Giya yaikulu m'katimo nthawi zambiri ndi ya pulasitiki. Ine ndinaonapo itadyeka mano mbali imodzi ana awiri atakwera kagalimoto kamodzi, wachitatu akukankha kumbuyo. Popeza worm silola kuzunguzidwa, kukankhako konse kunathera pa mano a pulasitiki. Ndipo ana adzakankha basi, batire likangotha.

Madala Sipanala

Imeneyo inali ya galimoto yaing'ono. Tengani ya lole, ya 24V. Adzukulu anga anakula n'kusiyira ang'ono awo, mota ikadali yomweyo.

Mayi Magetsi

Kaya wiper kaya scooter, chaja isamalumikizidwe mwana ali pafupi, ndipo kiyi azisunga ndi munthu wamkulu. M'mphepete mwa square tube mwapala? Ndaonapo bondo la mwana litang'ambika ndi weld yosapala, galimotoyo isanayende n'komwe.

Kamnyamata ka ma laptop

Nanga mota ya drill ya 18V? Ili ndi gearbox kale, ndili nazo ziwiri zimene chuck (chogwirira chobowolera) inafa. Ingakoke mwana wa zaka 3?

Wa ma UPS

Imakoka, koma imatentha msanga chifukwa kamota kake n'kakang'ono ndipo drill sinapangidwe kuti izilira mphindi 20 osapuma. Clutch uitseke kaye, apo ayi izingolira kwekwekwe ponyamuka. Tsegula nkhani yakoyako mphwanga, tasokoneza kale ya eni ake. A Wamawaya, clamp meter ija munaipeza?

Madala Sipanala

Drill nayonso ayi. Tsegula nkhaniyo ndikuuze za wiper.