Wina waedita chithunzi cha mnzake osapempha, gulupu yavuta

Adimini: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Mu gulupu yathu ya ophunzira kujambula zachilengedwe ija muli mnyamata wina wangoyamba kumene, waposta chithunzi cha mathithi, madzi akutsika pamiyala, mbali zonse mitengo. Ambiri angoika timoto ndi "zabwino bwana" basi. Kenako mkulu wina amene kamera amaidziwa ndithu watenga chithunzicho, wachidula mbali ya kumanzere, wakweza mitundu mpaka masamba kumaoneka ngati apentedwa, nkuchiponyanso momwemo ati chimayenera kukhala chonchi, komanso ati sichili shapu, zinthu zikuoneka mwachimbuuzi. Mnyamata uja wangoti zikomo kenako zii, wandilembera kumbali kuti mwina angotuluka. Mkulu naye akuti sakuona chomwe walakwa, amathandiza. Nde ndiyambire pati?

Wa50mm: Aaa a Adimini, munthu ukaposta mu gulupu ya ophunzira nde kuti wavomera kudzudzulidwa. Timoto timeneto taphunzitsapo ndani? Ine bola amene wandiuza kuti chithunzi chako chalakwika kusiyana ndi ondinamiza.

ChemwaliMbalame: Achimwene kudzudzula palibe akukana, koma kutenga chithunzi cha mwini wake nkuchidula osapempha ndi nkhani ina. Mukudziwa bwanji kuti chomwe chadulidwacho sindicho chinamupangitsa kuima pamenepo nkujambula? China, chithunzicho anatumiza bwanji? Ngati ndi pa WhatsApp monga foto wamba, chimafinyidwa, masamba ndi udzu zimaphatikana, EXIF, ija imasunga ma setting a kamera mu file, nayo imachotsedwa. Nde munthu ukuweruza bwanji za shapu pa chinthu chofinyidwa, ukuonera pa sikirini ya foni, mwina brightness ili pansi kkkk. Auzeni atumize ngati document kaye.

MadalaFilimu: Chemwali anena zoona. Ine ndisanalankhule kalikonse pa chithunzi cha wophunzira ndimafunsa kaye kuti mumafuna tione chiyani apa, ndipo munajambula ndi ma setting anji. Chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe anthu timasakaniza. Pali zokonda za munthu, wina amafuna madzi osalala ngati utsi wina amafuna dontho lililonse lioneke, wina mitundu yowala wina yozizira, pamenepo palibe wolondola, ungonena kuti ine ndikanachita mwakuti. Ndiye pali zomwe zakanika, munthu amafuna chakuti koma kamera yamupatsa china. Apa mpamene komenti yako imathandiza, koma sungadziwe kuti chakanika nchiyani usanamve chomwe amafuna. A Adimini, tengani file yeniyeni mutiuze manambala, muonenso histogram, galafu ija yoonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja.

Adimini: Watumiza. Lenzi pa 24mm, aperture f/22, shutter 1/2 sekondi, ISO 100 (yotsika, kamera siimva kuwala msanga), JPEG, ndipo akuti anagwira pamanja, tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, alibe. Histogram yakwera khoma la kumanja, madzi awala mopitirira mpaka kuyera mbuu. Akuti amafuna madzi osalala aja, anawerenga kuti ukachepetsa aperture, bowo lolowera kuwala mu lenzi, shutter imachedwa kutseka. Komanso chikuni chomwe chinali kumanzere, chomwe mkulu wadula chija, akuti anachiika dala kuti diso lizitsata chikunicho mpaka kukafika pamadzi.

Wa50mm: Mwaonatu, mkulu uja sananame. Sichili shapu.

ChemwaliMbalame: Sananame eee, koma mwanayo akanapita nazo kuti? Akanaganiza kuti vuto ndi lenzi, kuyamba kulota zogula ina, pamene vuto ndi manja.

MadalaFilimu: Ndipotu mnyamatayu amaganiza bwino, muuzeni zimenezo poyamba chifukwa ndi zoona, osati zomusangalatsa chabe. Anadziwa kuti madzi osalala amafuna shutter yochedwa, anatsitsa ISO, anaganizanso za chotsogolera diso. Ambiri oyamba kumene safika pamenepo.

Tsono chomwe chamugwetsa. Pa 24mm ukagwira pamanja, lamulo lakale lija limati shutter isachedwe kuposa 1/25 kapena 1/30, iye ali pa theka la sekondi, ngakhale lenzi ili ndi stabilizer yochepetsa kugwedezeka pamenepo ndi mwayi chabe. Nde miyala ndi mitengo zomwe zimayenera kuima nji zagwedezeka limodzi ndi madzi, pamene chithunzi cha mathithi chimakoma chifukwa chakuti china chilichonse chaima koma madzi okha. Chachiwiri f/22 ija, bowo likachepa chonchi kuwala kumamwazika, diffraction, chithunzi chonse chimafewa ngakhale uli pa tripod, makamaka pa kamera ya crop sensor, ya sensor yocheperako ija. Malenzi ambiri amachita bwino cha pa f/8 mpaka f/11. Koma akabwerera pa f/11 walowetsa kuwala ma stop 2, ndiye kuti kuwirikiza kanayi, shutter ithamanga kufika 1/8, madzi sasalala monga amafunira. Mpamene polarizer, filter yagalasi yoika kutsogolo kwa lenzi, imalowera, imadya pafupifupi ma stop 2 omwewo ndipo imachotsanso kunyezimira kwa miyala yonyowa ndi masamba, mtundu wobiriwira umabwera wokha popanda kukankha saturation, kukweza mitundu kuja, ngati momwe achitira akulu aja. Kapena ND8, filter yongochepetsa kuwala, imeneyo ndi ma stop 3.

Za madzi oyera mbuu, pamenepo palibenso chochita. JPEG ili ndi magawo 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, kuyambira 0 mpaka 255, pakafika 255 papsa basi, ukatsitsa highlights pamangoda ngati phulusa koma mizere ya madzi siibwerera. RAW ya 12 kapena 14 bit, file yosunga magawo ochuluka kuposa JPEG, ikanapulumutsa pang'ono, osati zonse.

Wa50mm: Madala zonsezi mukamuuza mwana nthawi imodzi athawa zenizeni tsopano kkkk

MadalaFilimu: Izi ndikuuza inu, osati iye. Iye mumuuze chimodzi: kamera iime. Tripod palibe, aike pamwala kapena pachikwama, ayatse timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze, abwerere akajambulenso kukakhala mitambo kapena m'mawa dzuwa lisanagunde madzi. Za f/22 ndi ma filter adzafunsa yekha akaona kuti miyala yaima koma sinafike pomwe amafuna. Ngati mukufuna kuwonjezera, ayatse highlight alert kuti pomwe papsa pazithwanima pa sikirini.

ChemwaliMbalame: Koma nawo oposta aphunzire kufunsa. Munthu ukangoponya chithunzi opanda mawu ulandira timoto kapena chipongwe. Ulembe kuti ndimafuna chakuti, ndikukayikira pakuti, manambala ndi awa. Ndipo komenti ikakuwawa usayankhe pompo, ine za mbalame zanga anthu amati background yadzadza, ndimasiya kaye ndidzachionenso mawa lake, nthawi zina amakhala akunena zoona nthawi zina ayi, ndimangotenga zomwe anthu awiri atatu osagwirizana anena mofanana. Zomwe wanena munthu mmodzi yekha nthawi zambiri zimakhala zokonda zake.

Adimini: Chabwino. Nde ndilemba mu gulupu kuti aliyense oposta aziika ma setting ndi chomwe amafuna, azitumiza ngati document, ndipo alembe yekha ngati akulola kuti ena aedite. Asanalembe choncho palibe kugwira chithunzi cha mnzako. Nanga mkulu uja?

MadalaFilimu: Kumbali, osati pagulu, angachite manyazi nkutuluka naye, ndipo gulupu ikufunika anthu odziwa ngati iye. Muwaonetse manambala aja ndi nkhani ya chikuni, muwapemphe achotse edit yawo. Ngati ali ndi polarizer muwafunse ngati angaposte zithunzi ziwiri za malo amodzi, china ndi filter china opanda, ana aone okha kusiyana kwake pamiyala yonyowa.

Wa50mm: Bola muwauzenso atsitse clarity, yokhwimitsa mizere ija, edit yawo ija ili ndi halo, kamzere kowala, m'mbali mwa mitengo yonse, ndaiona pa kompyuta.